Wotchi ya alamu yodzikonzera nthawi yokha ikukana kugwira ntchito kuno ku Joni

WakuNtcheu_Rosettenville

Abale ndi alongo a pagulu lino, ndikupempha nzeru pa nkhani ya wotchi. Abwana amene ndimawagwirira ntchito ya m'dimba anandipatsa wotchi ya alamu yomwe anagula ku Germany, ndipo anandiuza kuti siifunika kuikonza nthawi chifukwa imalandira yokha nthawi yolondola kudzera pa mafunde a wailesi. Nditaika mabatire awiri atsopano a AA, inayamba kuwerenga kuchokera pa 0:00, ndipo pakona ya galasi pali kachithunzi ka mlongoti komwe kamaphethira kwa mphindi zingapo kenako n'kuzimiririka. Ndinaigoneka pawindo usiku wonse koma sizinaphule kanthu. Kabuku ka malangizo n'kolembedwa m'Chijeremani. Ine ndimayenera kudzuka hafu pasiti 4 kuti ndikapeze takisi ku Bree mzere usanatalike. Kodi wotchiyi ndi yowonongeka, kapena pali chimene sindikuchita bwino?

Mlonda_Usiku

Achimwene, yang'anani kumbuyo kwake ngati kuli kawaya kakang'ono kopinda. Yanga ili nako, ndipo ndikakatambasula n'kukakoleka pa msomali, masiteshoni onse amamveka bwinobwino.

WamagetsiWaZomba

Bambo Mlonda, yanuyo ndi ya mtundu wina, yomwe ili ndi wailesi ya FM yomvera nyimbo ndi nkhani. Imene akunena achimwene athuwa siilankhula. M'kati mwake muli kandodo kakuda kokulungidwa ndi waya wopyapyala, ndipo ntchito yake ndi kutola uthenga umodzi wokha, wa nthawi.

Achimwene a ku Ntcheu, wotchi yanu ndi yabwinobwino, koma ikumvetsera chinthu chomwe sichifika kuno. Mawotchi ogulitsidwa ku Germany amamvera siteshoni ya DCF77, yomwe ili ku Mainflingen pafupi ndi mzinda wa Frankfurt, ndipo imaulutsa pa 77.5 kHz. Nthawi yake imachokera ku mawotchi a atomiki oyang'aniridwa ndi bungwe la PTB la ku Braunschweig. Siteshoniyo imatumiza kachidutswa kamodzi ka uthenga pa sekondi iliyonse, kotero kuti mphindi ikamatha wotchi imakhala italandira ola, mphindi, tsiku, mwezi ndi chaka. Vuto lake ndi mtunda. Mafundewo amadalirika mpaka makilomita pafupifupi 2,000, pamene kuchokera ku Frankfurt kufika ku Johannesburg ndi makilomita opitirira 8,000. Zili ngati kuimirira pa Park Station n'kumayembekezera kumva ng'oma yomwe ikuimbidwa ku Mzimba.

Mayiko ena ali ndi masiteshoni awoawo. A ku Britain ali ndi MSF ku Anthorn pa 60 kHz, a ku America ali ndi WWVB pafupi ndi Fort Collins ku Colorado pa 60 kHz, a ku Japan ali ndi JJY pa 40 kHz ndi 60 kHz, ndipo a ku China ali ndi BPC pa 68.5 kHz. South Africa ilibe siteshoni yomwe mawotchi amenewa angaimve, ndipo kwathu ku Malawi kulibenso. Choncho kusintha windo kapena kuikweza padenga sikungathandize. Muikonze nthawi ndi manja, ndipo iziyenda ngati wotchi wamba ya batire.

NyasaBoy_Hillbrow

Ngati zili choncho, itayeni kapena muigulitse. Foni iliyonse ili ndi alamu, ndipo nthawi imatenga yokha ku netiweki popanda kuvutika ndi mabatani.

AmayiAkuThyolo

Achimwene a ku Hillbrow, mawu amenewo angalankhule ndi munthu amene foni yake sinamuthimirepo usiku. Kumene ndimakhala ine magetsi amatha kuzima madzulo foni isanadzaze, ndipo ana akaiseweretsa pang'ono, pofika mbandakucha imakhala itathima. Ndimagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo mukachedwa kawiri katatu abwana amayamba kufunsa anzawo ngati akudziwa munthu wina. Wotchi ya mabatire siidziwa za kuzima kwa magetsi. Ine ndimatchera zonse ziwiri, wotchi ndi foni, ndipo wotchiyo ndimaiika patali ndi bedi kuti ndichite kudzuka pokaithimitsa.

WakuNtcheu_Rosettenville

Zikomo kwambiri, bambo a magetsi, mwanditsegula maso. Koma ndikadina mabatani palibe chomwe chikusintha. Kumbuyo kuli mabatani olembedwa SET, ALARM, WAVE, ndi ena awiri a + ndi -, ndipo pamwamba pali lalikulu lolembedwa SNOOZE. Ndiyambire pati?

WamagetsiWaZomba

Mabatani akukana chifukwa mawotchi ambiri a mtunduwu samvera batani lililonse pamene kamlongoti kakuphethira. Amakhala atatanganidwa ndi kusaka mafunde. Chotsani mabatire, dikirani pang'ono, ndi kuwabwezera mosamala kuti mbali ya + igwirizane ndi chizindikiro chomwe chili m'kabowomo. Kamlongoti kakayamba kuphethira, dinani WAVE kuti kusakako kulekeke. Kenako dinani SET osachotsa chala kwa masekondi atatu kapena kupitirira pang'ono, mpaka manambala ena ayambe kuphethira. Amene akuphethirawo ndiwo mungawasinthe ndi + kapena -, ndipo mukadinanso SET kamodzi mumapita pa chinthu chotsatira. Ndondomeko yake imasiyana malinga ndi amene anapanga wotchiyo, koma kawirikawiri mumadutsa pa chigawo cha nthawi, ola, mphindi, chaka, mwezi, tsiku ndi chilankhulo. Musachedwe kwambiri pakati pa kudina kwina ndi kwina, chifukwa ikaona kuti mwaisiya imabwerera yokha pa chiyambi.

Pali zinthu ziwiri zomwe ndikupempha kuti musazinyalanyaze. Mukafika posankha pakati pa 12 ndi 24, sankhani 24. Anthu ambiri amagonereza chifukwa anatchera alamu pa 4:30 ya madzulo poganiza kuti ndi ya m'mawa, popeza timalemba ta AM ndi PM ndi tating'ono kwambiri moti sitioneka m'chipinda cha mdima. Chinanso, mukatchera alamu ndi batani la ALARM, onetsetsani kuti kachithunzi ka belu kaonekera pagalasi. Popanda kabeluko alamu siilira, ngakhale nthawi yake ikuoneka kuti yatcheredwa. Muiyese masana poitchera kuti ilire pakatha mphindi ziwiri, ndipo muimvere mutaimirira pamene mumagona.

Che_Mangochi_Mayfair

Pepani akuluakulu, koma ine ndikutsutsako pang'ono. Ndili ndi wotchi yofanana ndi imeneyi yomwe mlamu wanga anabwera nayo kuchokera ku London. Ndinaidalira mwezi wonse wa Ramadan podzuka kukadya daku, ndipo siinasiyane ndi adhana ya ku mzikiti ngakhale tsiku limodzi. Ndikukhulupirira kuti usiku imagwira mafundewo, chifukwa ndinamva kuti usiku mafunde a wailesi amayenda mtunda wautali.

WamagetsiWaZomba

Che Mangochi, n'zoona kuti usiku mafunde amtunduwu amafika patali kuposa masana, ndipo n'chifukwa chake mawotchiwa amasaka uthenga pakati pa usiku. Komabe kuchoka ku Anthorn kufika ku Mayfair wa kuno ndi mtunda woposa kwambiri umene kandodo kakang'ono kaja kangathe. Yang'anani pagalasi m'mawa. Wotchi ikalandira uthenga, kamlongoti kamakhala chiyimire osaphethira, nthawi zambiri kali ndi timizere ta mafunde pamwamba pake. Ngati palibe, ndiye kuti mlamu wanu kapena munthu wina anaikonza ndi manja, ndipo chomwe chikusunga nthawi ndi kamwala ka quartz kam'kati, komwe kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi. Wotchi yotere imatha kuthamanga kapena kutsalira ndi masekondi ochepa pa sabata, ndipo pa mwezi umodzi munthu sangazindikire kusiyanako ndi khutu.

Che_Mangochi_Mayfair

Ndayang'ana tsopano, ndipo kamlongoti palibe. Komabe wotchiyi yanditumikira bwino, ndipo ndikulimbikitsa achimwene a ku Ntcheu kuti asamvere za kuitaya.

NamwinoWaKuMzuzu

Popeza mabatire atchulidwa, ndiloleni ndilankhulepo monga munthu wa kuchipatala, chifukwa ambiri a ife timakhala m'chipinda chimodzi ndi ana, ndipo wotchi imakhala pansi kapena pa kampando kapafupi ndi matiresi. Mawotchi ena, makamaka olumikiza ku magetsi, ali ndi kabatire kozungulira konga ndalama yachitsulo, kawirikawiri kolembedwa CR2032, komwe kamasunga nthawi magetsi akazima. Kabatire kameneka n'koopsa kwambiri kwa mwana wokwawa. N'konyezimira, n'kosavuta kumeza, ndipo kakakakamira pammero kamayamba kuwotcha mnofu m'maola awiri okha. Choopsa china n'chakuti poyamba mwanayo amatha kuoneka bwinobwino, kapena kungotuluka dovu, kukhosomola ndi kukana chakudya, zomwe mayi angaganize kuti ndi chimfine kapena mano akumera.

Mukakayikira kuti mwana wameza kabatire, musadikire kuti muone zizindikiro, musamusanzitse, ndipo musayambe mwafunsa kwa anansi. Thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo mukafika nenani pakhomo pomwe kuti mwina wameza batire, kuti amujambule msanga. Ambulansi ndi 10177, kapena 112 pa foni ya m'manja, ndipo nambala yofunsira za poizoni kuno ku South Africa ndi 0861 555 777. Ndikudziwa kuti abale athu ena amaopa chipatala chifukwa cha mapepala, koma pa nkhani iyi kuzengereza kungatayitse moyo wa mwana.

Kupewa n'kosavuta. Ngati chitseko cha mabatire chili ndi kasikuluwu, kamangeni. Ngati chilibe, matanipo tepi yolimba, ndipo wotchiyo muiike pamwamba. Kabatire kakutha nakonso n'koopsa, choncho kakulungeni ndi tepi mbali zonse musanakataye.

AmayiAkuThyolo

Anamwino, mwalankhula zoona, ndipo Mulungu akudalitseni. Ndakachotsa kumene timabatire tiwiri takutha tomwe tinali m'mbale ya makiyi.

Telala_Fordsburg

Yanga ndi ya mivi osati ya manambala, ndipo nditaika batire mivi yonse inazungulira yokha mofulumira n'kukaima pa 12. Yakhala pomwepo osasuntha. Mkazi wanga akuti tichotse galasi tiikankhe ndi chala. Kodi zimenezi n'zololeka?

WamagetsiWaZomba

Bambo Telala, chonde musaikankhe mivi ndi chala. Wotchi ya mivi ya mtunduwu imayamba yaika mivi yake pa 12 kuti idziwe pamene ili, kenako imadikira uthenga wa nthawi. Mukaisuntha ndi chala, mumasokoneza chiwerengero chake ndipo mutha kuthyola timano ta pulasitiki tam'kati. Yang'anani kumbuyo ngati kuli batani lolembedwa SET kapena M.SET. Mukalidina osachotsa chala, mivi imayamba kuthamanga, ndipo mukayandikira nthawi yoyenera mumachotsa chala n'kumadina kamodzikamodzi mpaka ifike. Mivi imangopita kutsogolo, choncho mukapitirira muyenera kuzungulira nayo kachiwiri. Pali ena ochepa omwe alibiretu batani lotere, ndipo amenewo ndiwo ovuta kuwagwiritsa ntchito kuno.

Wophunzira_Braamfontein

Pa mawotchi opanda batani aja pali njira ina. Pali mapulogalamu a pafoni omwe amatsanzira siteshoni ya DCF77, MSF kapena WWVB. Foni imatulutsa kaphokoso kosongoka kwambiri kudzera pa sipika kapena pa mahedifoni, ndipo mukagundanitsa wotchi ndi waya wa mahedifoniwo n'kudina WAVE, wotchi imatola uthengawo ngati kuti wachokera ku siteshoni yeniyeni. Zimatenga mphindi zingapo ndipo nthawi zina muyenera kubwereza mutasintha kakhalidwe ka wotchiyo. Chenjezo langa n'lakuti mahedifoniwo musawavale, chifukwa voliyumu imakhala pamwamba penipeni, ndipo ana amalimva phokosolo ngakhale akuluakulu ena salimva.

NyasaBoy_Hillbrow

Ndiye kuti nthawiyo ikuchokerabe ku foni. Mfundo yanga ija yaimabe.

AmayiAkuThyolo

Foni ikuthandiza kamodzi pokonza nthawi, koma yodzutsa munthu mbandakucha magetsi atazima ndi wotchi. Zimenezi ndi ntchito ziwiri zosiyana, achimwene.

WamagetsiWaZomba

Njira ya wophunzira wa ku Braamfonteinyu imagwiradi ntchito pa mawotchi ambiri, koma ili ndi msampha umene ndikufuna kuti aliyense aumvetse. Kuno ku South Africa ndi kwathu ku Malawi nthawi ndi imodzi, maola awiri patsogolo pa UTC (nthawi yomwe mayiko onse amayerekezerapo nthawi zawo), ndipo siisintha chaka chonse. Ku Germany amasintha kawiri pa chaka. Kuyambira Lamulungu lomaliza la Marichi mpaka Lamulungu lomaliza la Okutobala nthawi yawo imafanana ndi yathu, koma miyezi yotsalayo amakhala ola limodzi m'mbuyo mwathu. A ku Britain amakhala ola limodzi m'mbuyo mwathu m'chilimwe chawo, ndi maola awiri m'nyengo yawo yozizira. Choncho mukagwiritsa ntchito pulogalamu yotere mu Disembala, wotchi itha kuonetsa nthawi ya ku Frankfurt, yomwe ndi yolondola mpaka pa sekondi koma yotsalira ndi ola lathunthu. Mukamaliza, yerekezani ola ndi la pafoni, ndipo ngati zasiyana konzani pa chigawo cha nthawi, pamene pamalembedwa ZONE kapena TZ.

Kwa amene mwakonza ndi manja, siyani ZONE pa 0. Mukaona mawu akuti DST, kutanthauza kusintha ola kawiri pa chaka kuja, ikani pa OFF, chifukwa mawotchi ena amasintha ola okha pa masiku aja potsatira kalendala yam'kati. Ndipo ngati pali mawu akuti RCC, kutanthauza kulandira nthawi kudzera pa mafunde a wailesi, ikaninso pa OFF. Kupanda kutero wotchi imadzuka usiku uliwonse kusaka siteshoni yomwe siingaipeze, ndipo kusakako kumadya mabatire pachabe.

Khukhi_Sandton

Ine funso langa ndi la magetsi. Mwana wa abwana anasiya wotchi yochokera ku America yomwe ili ndi adaputa yakeyake, ndipo anandiuza kuti nditenge. Pulagi yake ili ndi timano tiwiri tophwatalala tomwe sitilowa m'soketi za kuno. Mnzanga akuti ndingogula kolumikizira kotchipa pamsika. Kodi palibe vuto?

WamagetsiWaZomba

Vuto lilipo, achemwali, ndipo ndi lalikulu. Kolumikizira kamangosintha maonekedwe a mano, sikasintha mphamvu ya magetsi. Ku America magetsi a m'nyumba ndi 120 V pa 60 Hz, pamene kuno ndi kwathu ndi 230 V pa 50 Hz. Werengani timalemba tomwe tili pa adaputayo, pamene palembedwa INPUT. Ngati palembedwa 100-240 V, 50/60 Hz, mutha kuigwiritsa ntchito ndi kolumikizira kabwino kogwira zolimba. Ngati palembedwa 120 V yokha, musayese ngakhale kamodzi, chifukwa idzatentha, kununkha ndi kupsa, ndipo m'chipinda momwe muli makatani ndi zofunda pafupi moto sumachedwa. Njira yabwino ndi kugula adaputa ya kuno yomwe OUTPUT yake ikufanana ndi ya yakaleyo. Ngati palembedwa DC, muonetsetsenso kuti chizindikiro cha + ndi - pa kamutu kake chikufanana.

Dziwaninso kuti mawotchi ena akale a magetsi amawerenga nthawi potsatira kugunda kwa magetsiwo. Wopangidwira 60 Hz yokha akapatsidwa 50 Hz amatsalira ndi mphindi 10 pa ola lililonse, ngakhale mutapeza thiransifoma yotsitsa mphamvu.

Ndimakumana ndi zinthu zambiri m'zipinda za kuseri zomwe abale athu amachita lendi: soketi imodzi yanyamula hita, ketulo, mbaula ya magetsi ndi machaja, ndipo mawaya ena alowetsedwa opanda pulagi n'kupanikizidwa ndi timitengo ta machesi. Wotchi payokha siidya magetsi ambiri, koma musaiwonjezere pa mulu wotere, ndipo adaputa yake isakhale pansi pa pilo kapena bulangete. Magetsi akazima, izuleni kukhoma mpaka atabwera n'kukhazikika, ndipo muzichitanso chimodzimodzi mphenzi zikayamba, poti mvula ya kuno kuyambira Okutobala imabwera ndi ziphaliwali zoopsa.

Mlonda_Usiku

Ndikuonjezerepo za kuzizira. M'kanyumba kaulonda mu Juni ndi Julaye manambala a pagalasi amafooka ndipo alamu imalira motsika. Anzanga ena amaiyandikiza ku hita kuti itenthedwe, koma ndinaona ya mnzanga itapindika mbali imodzi chifukwa cha kutentha. Ndi bwino kusintha mabatire nyengo yozizira isanayambe kusiyana ndi kuiwotcha.

WakuNtcheu_Rosettenville

Akuluakulu, zatheka. Ndinachita kudina WAVE kaye monga ananenera bambo a magetsi, ndipo SET inayamba kumvera. Ndasankha 24, RCC ndaika pa OFF, ndipo kabelu kakuoneka. Ndinajambulanso kabuku kaja ndi foni n'kukamasulira, ndipo ndondomeko yake ikugwirizana ndi zomwe zalembedwa pano. Chatsala n'chimodzi. Ndili ndi mabatire otchaja omwe ndimagwiritsa ntchito mu tochi. Kodi ndingawaike m'wotchiyi kuti ndisamagule atsopano?

Wophunzira_Braamfontein

Atha kugwira ntchito, koma otchaja amapereka 1.2 V pamene wamba a alkaline amapereka 1.5 V. Mawotchi ena amaonetsa chizindikiro chakuti batire latha pamene mwangowatchaja kumene, ndipo galasi limaoneka lofooka. Pa chinthu chomwe chimadya pang'ono ngati wotchi, a alkaline amakhalitsa miyezi yambiri, choncho ndalama yomwe mungapulumutse ndi yochepa.

Telala_Fordsburg

Mivi yanga yayenda, batani la M.SET linalipo pansi pa chitseko cha batire. Koma potsegulapo ndapeza zoyera ngati mchere zitamatirira pa kasipuling'i. Kodi zimenezi ndizipukute ndi madzi?

NamwinoWaKuMzuzu

Musazigwire ndi manja, bambo, ndipo musaziuzire ndi pakamwa chifukwa zingakulowereni m'maso. Zimenezo ndi mankhwala omwe atuluka m'batire, ndipo amawotcha khungu. Valani magolovesi kapena kajumbo kumanja. Zikakukhudzani, sambani ndi madzi ambiri, ndipo zikalowa m'diso litsukeni ndi madzi oyera kwa nthawi yaitali kenako mupite kuchipatala.

WamagetsiWaZomba

Anamwino anena za thupi, ine ndinene za wotchi. Musathire madzi m'katimo. Ngati batire lomwe linachucha linali la alkaline, tengani kathonje kapakamtengo, kanyowetseni pang'ono ndi viniga kapena madzi a ndimu, ndipo pukutani kasipuling'iko mpaka zoyerazo zisungunuke. Pukutaninso ndi kansalu kouma ndi kuisiya yotsegula mpaka iumiretu musanaike batire lina. Ngati chitsulocho chachita dzimbiri, chikwecheni pang'ono ndi sandipepa yosalala kuti magetsi azidutsa.

Kuchuchaku kumachitika kawirikawiri batire likatheratu n'kusiyidwa momwemo, kapena mukaphatikiza latsopano ndi lakale, kapena a mitundu iwiri yosiyana. Muzisintha onse pamodzi, ndipo akuthawo musawaponye pamoto wa zinyalala chifukwa amaphulika. Masitolo ena akuluakulu ali ndi mabokosi otayamo mabatire pafupi ndi khomo. Ndipo amene mukukonzekera ulendo wa kumudzi mu Disembala, ngati wotchi ikutsala m'chipinda chokhoma kwa mwezi wathunthu m'nyengo yotentha, chotsanimo mabatire musananyamuke. Ngati mukupita nayo, simufunika kusintha ola lililonse, chifukwa nthawi ya ku Beitbridge, ku Tete ndi ku Mwanza ndi yomweyi ya kuno.